Wayini wochokera ku Cape: ndisunge mpaka ukwati wa mwana kapena ndingomwa?

Wa pa Chitakale

Moni nonse abale anga. Ndili ndi funso koma musandiseke chonde. Achimwene anga amene ali ku Cape Town anabwera pa Khisimisi nde anandisiyira mabotolo atatu a wayini. Loyamba ndi lofiira, palembedwa Cabernet Sauvignon, Stellenbosch, 2020, ndipo ndi lotseka ndi cork, chotsekera chija cha khungwa la mtengo, iwowo akuti anakagula pa famu pomwe amapangira ndipo silotchipa. Lachiwiri ndi loyera, Sauvignon Blanc 2023, chotsekera chake ndi chopotokola ngati cha skwashi. Lachitatu ndi la pinki lozuna lija azimayi amalikonda pa ma bridal shower.

Ine mowa sindimwa kwenikweni, mwina ka Green kamodzi pakakhala mpira basi. Koma chiyambire ndili mwana ndimamva kuti vinyo akamakalamba mpamene amakoma, olo kutchalitchi timamva zomwezo. Nde ndaganiza zoti ndisunge onse atatu mpaka tsiku la chinkhoswe kapena ukwati wa mwana wanga wamkazi, panopa ali Fomu 2. Ndawaimika mu kabati ya magalasi pa sitting room pafupi ndi windo, akuoneka bwino zedi moti alendo akumafunsa. Nyumba ndi ya malata, siling'i ilipo kuchipinda kokha.

Mayi a kunyumba akuti ndikungotaya nthawi zinthuzo ziwawasa ngati thobwa logonera. Amene mukudziwa tandithandizeni, wayini amasungikadi zaka zonsezo? Nanga munthu umadziwa bwanji kuti uyu ndi wabwino uyu ayi, poti ine ndikalawa ofiira aja ndimangomva kuuma mkamwa basi.

Mnyamata wa pa Luchenza

Kkkkk bigi, mwana ali Fomu 2 inu mwayamba kale kukonza za ukwati? Akapita ku Chanco nkukapanganso masters nde botololo lidikira mpaka liti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno akulu. Tiitaneni Loweruka tidzakuthandizeni kulawa, ine ndibwera ndi kanyenya.

Mtchona wa ku Cape

Achimwene, choyamba chenicheni musanawerenge zambiri, nyamukani mukachotse mabotolowo pa windo. Mukabwerako mupitirize kuwerenga.

Ine kwathu ndi kwa Mkanda koma ndakhala zaka ndithu ndikugwira ntchito ya uweita ku Stellenbosch ndi ku Franschhoek, madera olima mphesa kufupi ndi Cape Town, pena ndinkathiranso wayini alendo obwera kudzalawa pa famu. Zoti wayini aliyense amakoma akakalamba ndi bodza lomwe lafala dziko lonse osati kuno kokha. Wayini wambiri amene ali mu mashopu anapangidwa kuti amwedwe msanga, chaka chimodzi ziwiri zitatu basi. Amene amapindula ndi kusungidwa ndi wochepa kwambiri. Nde alamu anga kunyumbako sakunama kwenikweni, pa mabotolo awiri akunena zoona.

La pinki lozunalo imwani mwezi uno womwe, liziziritseni bwinobwino muwapatse mayiwo ndi anzawo. Sauvignon Blanc nayenso kukoma kwake kuli pa kafungo ka zipatso zaziwisi kaja, ngati magalagadeya kapena gwafa wosapsetsa, ndipo kafungo kameneka ndi koyamba kuthawa zaka zikamapita. Wa 2023 musamudikiritsenso.

Cabernet uja ndiye nkhani ina. Chimene chimapangitsa wayini kupirira zaka ndi zinthu zingapo. Pali tannin, ndiye kuuma mkamwa mukunenako, amachokera ku makoko ndi njere za mphesa komanso pang'ono ku migolo ya mtengo wa oak imene amasungiramo wayini asanamuthire mmabotolo. Pali kuwawasa, asidi. Pali shuga, nchifukwa chake mawayini ozuna kwambiri enieni ngati Vin de Constance wa ku Constantia kapena Sauternes wa ku France amakhala zaka makumi osaonongeka, koma musasokoneze ndi wa pinki wanuyo, ozuna enieniwo amapangidwa ndi mphesa zofota zodzaza shuga komanso asidi wake ndi wamphamvu. Ndipo koposa zonse payenera kukhala kukoma kwa chipatso kokwanira, chifukwa tannin akamafewa zaka zikupita chipatso nacho chimakhala chikuzilala, nde ngati chinali chochepa poyamba pomwe mudzapeza madzi ofiirira opanda kanthu. Mphesa za Cabernet Sauvignon ndi zing'onozing'ono za khungu lokhuthala, tannin ndi wambiri, nchifukwa chake mawayini otchuka a ku Bordeaux ku France monga Latour ndi Lafite, amene anawaika pamwamba pa mndandanda wa mawayini apamwamba a kumeneko mu 1855, anthu amawasunga zaka 20, 30 kapena kuposa. Cabernet wabwino wa ku Stellenbosch zaka 8 kapena 10 amafika bwinobwino.

Koma apa mpamene pali vuto lathu. Zaka zimenezo amawerengera wayini amene wagona pamalo ozizira madigiri 12 mpaka 14, mumdima, kutentha kosasinthasintha. Inu ganizani sitting room ya malata pa Chitakale mu Okutobala, masana imapyola 30 mosavuta, kenako June chiperoni chikabwera mukufunda mabulangete awiri. Kutentha kumakalambitsa wayini mothamanga koma moipa, amamveka ngati waphikidwa, ngati jamu wopserera. Komanso wayini akatentha amafufuma nkukankha cork, akazizira amabwerera nkukoka mpweya, ndipo mpweya ukalowa wambiri ndiye mdani wamkulu. Kuwala kwa dzuwa nakonso kumaononga fungo. Kuimika botolo la cork zaka zambiri anthu a wayini salola, amaligoneka kuti cork izikhala yonyowa.

Ine nditakhala inu ndikanalikulunga mu nyuzipepala, kuliika mu katoni, kuligoneka pansi pa simenti mu chipinda chamkati chomwe sichiwombedwa dzuwa, kutali ndi khitchini, nkulimwa pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri. Mwana akadzakhoza JCE kapena MSCE chifukwa chotsegulira chapezeka kale. Za ukwatizo mudzagula lina.

Wa pa Chitakale

Zikomo kwambiri achimwene a kwa Mkanda, ndachotsadi. Nanga nditaliika mu filiji silingafike? Komanso pakhosi pa botolo pali kapepala kali ndi manambala, ndi ka chani? Mowa wake alemba 14.5%, ndiye kuti ndi wapamwamba kuposa wa 12% eti?

Wolawa tiyi ku Thyolo

Ndilowerereko pang'ono ngakhale ine wayini si ntchito yanga. Ndimagwira mu fakitale ya tiyi konkuno ku Thyolo, mbali ya kulawa, ndipo funso lanu lachiwiri lija loti munthu umadziwa bwanji chabwino ndi limene landikoka, chifukwa a Mtchona sanalifike.

Bambo, kuuma mkamwa mukudandaulako mumakudziwa kale. Tiyi mukamuiwala mu ketulo masamba nkukhalitsa, kenako mumwe wopanda mkaka wopanda shuga, lilime ndi nkhama zimakhakhala. Ndi zinthu za mtundu umodzi, zimagwira malovu mkamwa nkuwachotsa kuterera. Mukathira mkaka zimafewa chifukwa zimakagwira mkakawo mmalo mwa lilime lanu. Nchifukwa chakenso wayini wofiira wouma amayenda ndi nyama ya mafuta, yang'ombe kapena yambuzi yootcha. Mukamumwa payekha pamimba pali pululu ndiye mudzangoti achimwene anakupusitsani.

Ife polawa timayeza masamba pa sikelo mofanana makapu onse, muyezo wodziwika ndi magalamu 2 pa mamililita 100 a madzi owira, mphindi 6, kenako timayang'ana mtundu, kununkhiza masamba onyowawo, nkumwa ndi supuni mophwetekula mwaphokoso kuti tiyi amwazike mkamwa monse ndi mpweya, nkulavula. Munthu wachilendo akalowa amaona ngati ndife opanda mwambo. Koma chinsinsi chake nchoti sitilawa kapu imodzi payokha, timandandalika makapu ambiri a magiledi osiyanasiyana a tiyi, BP1 apa PF1 apo Dust uko, wa lero pambali pa wa dzulo. Lilime silidziwa kuyeza chinthu chili chokha, limadziwa kusiyanitsa. Ogula ku okushoni ya ku Limbe nawonso amayamba alawa masampulo asanatchule mtengo. Tiyi wathu wa kuno amadziwika ndi mtundu wofiira wowala, ndiye amamugula kukasakaniza ndi wa kwina, koma kufiirako simungakuone bwino mpaka mutamuika pafupi ndi tiyi wina.

Nde malangizo anga ndi oti tsiku lomwe mudzatsegule Cabernet wanuyo mugulenso kabotolo kotchipa kofiira, olo wa mu bokosi uja, muthire matambula awiri muzilawa uku ndi uku. Mukameza muwerenge chamumtima kuti kukoma kukhala nthawi yaitali bwanji mkamwa. Chinthu chabwino chimatsalira, chotchipa chimazimiririka pompo. Ku tiyi ndi chimodzimodzi. Ndipo musalawe mutangosuta kapena mutangodya kambuzi, palibe chomwe mungamve.

Za kusungazi, tiyi wakuda wathuyu sapindula kanthu akakhalitsa, amangotha fungo nkuyamba kununkha kabati. Alipo wa ku Yunnan ku China wotchedwa pu-erh amene amamusunga dala zaka zambiri, koma ameneyo amapangidwa mwa njira yakeyake kuyambira pachiyambi. Ndikuona kuti ndi zomwe a Mtchona akunena za wayinizi.

Mayi wa ku Bvumbwe

Ine mundikhululukire koma zambiri za wayinizi ndi matama chabe. Ndagwirapo ntchito mu hotela mu tauni, munthu amabwera nkuitanitsa botolo lodula, kulizunguza mu tambula, kununkhiza maso atatseka, nkumati ndikumva blackcurrant ndi cedar. Blackcurrant anamuonapo kuti munthu wokulira ku Ndirande? Ukamuthira wina wotchipa osamuuza amayamikira chimodzimodzi. Anthu amamwa mtengo ndi dzina osati zili mkatimo.

Ndiye bambo a pa Chitakale musadzivute, ngati wozuna ndi amene amakukomerani imwani wozunayo, palibe mlandu. Ine Four Cousins wozizira bwino ndi chambo chokazinga ndimakhuta nazo mtima. Komanso bwanji tikungotamanda za ku Joni, ku Lilongwe kuli Linga amapanga wayini wa zipatso zathu zomwezi, jambula, magwafa, chidede. Mulanje yonseyi nanazi mbwee mpaka kuolera pamsewu, ife busy kusunga mphesa za eni ake mu katoni.

Mtchona wa ku Cape

Kkkk mayi mwalasa, ndipo theka la zomwe mwanenazo ndikugwirizana nazo. Zoti dzina limasocheretsa anthu zinaoneka poyera mu 1976 ku Paris. Mngelezi wina wogulitsa wayini, Steven Spurrier, anaitana akatswiri a ku France kuti alawe mawayini osaona mabotolo, a ku France kusakaniza ndi a ku California. Pa ofiira anapambana Stag's Leap wa 1973, pa oyera Chateau Montelena wa 1973, onse a ku California, pomwe nthawi imeneyo aliyense ankati wayini weniweni ndi wa ku France basi. Koma onani mbali inayi mayi, nkhani yomweyo ikusonyeza kuti ukabisa dzina lilime limagwirabe ntchito, anasankha chomwe chinawakomera. Kusiyana kulipo ndithu, kungoti sikuyenda ndi mtengo nthawi zonse.

Za blackcurrant ndiye mwanena zoona zokhazokha. Mawu amenewo anawasankha azungu potengera zipatso za kwawo, mu botolomo simunathiridwe zimenezo, ndi mphesa basi, fungo limangokukumbutsa chinthu chomwe unadyapo. Ine pophunzira ndinkalemba mu kabuku kanga zakwathu. Cabernet wachinyamata kwa ine ndi jambula wakupsa ndi mabulosi akuda, pena ka tsabola wobiriwira wosawawa uja. Chenin Blanc, amene ndi mphesa yolimidwa kwambiri ku South Africa, ndimamva gwafa ndi nanazi, akakhalitsa uchi. Shiraz tsabola wakuda. Pinotage, amene anamupanga Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut, nthawi zina amabwera ndi nthochi yakupsa ndi ka utsi. Cedar yo nde ife a ku Mulanje tisachite kuuzidwa ndi munthu, fungo la mkungudza tinakula nalo, ndipo mu Cabernet wogona mu mgolo limapezekadi. Anyamata anayi a ku Zimbabwe amene ankagwira mu malesitilanti a ku Cape anafika mpaka kukapikisana nawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wolawa wayini mosaona botolo mu 2017, anthu oti sanakule ndi wayini pakhomo. Nde mphuno ya munthu wa ku Ndirande ilibe vuto, ingofunika kuizoloweza.

Ndibwerere kwa achimwene a pa Chitakale. Filiji ya kunyumba ndi yabwino masiku kapena masabata ochepa, makamaka kwa loyera ndi la pinki. Ya zaka ayi. Imazizira kwambiri, cha mma digiri 4, mpweya wake ndi wouma, muli fungo la usipa ndi anyezi, nde ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno botolo lizingozizira kutentha kuzizira kutentha, zomwe tikuthawa zija.

Kapepala ka pakhosiko ndi chidindo cha boma la South Africa, dongosolo lake limatchedwa Wine of Origin ndipo linayamba mu 1973. Kakutsimikizira kuti zolembedwa pa lebulo ndi zoona, kuti mphesa zinachokeradi ku Stellenbosch, ndi za mtundu umenewo, ndi za chaka chimenecho. 2020 yo ndi chaka chokolola mphesa osati chothira mu botolo, kumeneko amakolola cha mu Febuluwale ndi Malichi. Sikakunena kuti wayiniyo ndi wokoma koposa ena, kakungoti sanakunamizeni.

14.5% sikutanthauza upamwamba. Shuga wa mu mphesa ndi amene yisiti imamusandutsa mowa, nde kumalo kotentha mphesa zimapsa kwambiri mowa nkukwera. Alipo mawayini a ku Germany a Riesling a 8% okha amene amakhala zaka zambirimbiri chifukwa cha asidi ndi shuga. Chofunika nchoti mowawo usamaotche kukhosi kuposa kukoma kwake. Timizere totsetsereka mu tambula mukazunguza tija, ena amati ndi chizindikiro cha wayini wabwino, ayi, timangosonyeza mowa ndi shuga.

Tsiku lotsegulalo chitani chonchi. Ikani botolo mu filiji mphindi 20 kapena 30, chifukwa zoti wofiira amamwedwa osaziziritsa ananena anthu a nyumba zozizira, iye amafuna madigiri 16 mpaka 18, wotentha amangomveka mowa wokhawokha. Thirani pang'ono, osadzaza tambula. Pendeketsani pamwamba pa pepala loyera muone mmphepete, wachinyamata amakhala wofiira mopita ku pepo, akamakula amapita ku mtundu wa njerwa, pomwe woyera akamakula amadera kupita ku golide. Nunkhizani musanazunguze, kenako zunguzani mununkhizenso. Mukamva fungo la katoni yonyowa kapena chipinda cha nkhungu ndiye kuti cork inali ndi vuto lija amati TCA, si inu mwalakwitsa ndipo silichoka. Mukamva viniga kapena mtundu uli bulauni ndiye kuti mpweya unalowa. Zikakhala bwino musiyeni mu jagi yoyera kwa ola limodzi apume, mudzaona kuti tambula yomaliza ikukoma kuposa yoyamba. Mukapeza timisenga pansi pa botolo musataye wayini, ndi tannin ndi mtundu zomwe zakhazikika, ingothirani mosamala.

Ndipo zimene anena akulu a ku tiyi zoyerekeza matambula awiri chitani ndithu, kumafamu kuja alendo timawaphunzitsa choncho.

Wolawa tiyi ku Thyolo

A Mtchona funso langa nali, inu mumati wayini akakula bwino amakoma kuposa wachinyamata, kapena amangosintha? Chifukwa mwanena nokha kuti chipatso chimazilala. Kwa ife fungo likachepa ndiye kuti katundu watsika giledi basi.

Mtchona wa ku Cape

Amasintha akulu, ndipo si aliyense amakonda kusinthako. Jambula ndi mabulosi zija zimabwerera mmbuyo, kumabwera fungo la fodya wouma wa mu chigafa, chikopa, bowa, dothi mvula yoyamba ikangogwa, zipatso zouma. Kukhakhala kuja kumafewa wayini nkumatsetsereka bwino. Ena amalipira ndalama zoopsa kufuna zimenezo, ena ukawapatsa amati wawapatsa mowa woonongeka, ndipo ndaonapo alendo akubweza botolo lakale labwinobwino nkuitanitsa la chaka chatha. Ineyo pandekha ndimakonda wapakati, chipatso chikadalipo koma ukali utatsika, ndipo Cabernet wa 2020 ali cha pomwepo panopa. Ndi chifukwa china chomwe ndikuwauzira achimwenewa kuti asadikire mkamwini.

Wa pa Chitakale

Mwandithandiza nonse. Loyera ndi la pinki tithana nawo pa Sande mayi aitana anzawo a ku kwaya kkkk. Lofiiralo lagona kale mu katoni kuseri kwa bedi. Kafunso komaliza, poti ine sindimwa kwambiri, ndikadzatsegula nkumwa tambula imodzi lotsalalo lingakhale mpaka mwezi?

Mtchona wa ku Cape

Mwezi ayi achimwene. Mukatsegula mpweya walowa kale, bwezerani cork muike mu filiji choimika, masiku atatu kapena anayi likhala bwino, kupyola apo liyamba kuzilala kenako kuwawasa. Mukhoza kuthira lotsalalo mu kabotolo kakang'ono koyera nkudzaza mpaka pakamwa kuti mpweya uchepe, zimaonjezerako tsiku limodzi kapena awiri. Amene amakhala masabata atatsegulidwa ndi wa mu bokosi chifukwa kathumba kake kamaphwa osalowetsa mpweya. Likakutsalirani ndithu thirani mu mphika wa nyama ya ng'ombe muphike pamoto wochepa, kapena muitaneni mnyamata wa pa Luchenza uja abwere ndi kanyenya wake.

Mnyamata wa pa Luchenza

Ndili pa depoti kale bigi, ingonenani nditsikire pati.